Mbawa ya Kumunsi kwa Manda

Kwa Nakhuwa, Mulanje
6 Meyi 1978

Okondedwa achimwene a Jailosi,

Muli bwanji ku Bangweko, inu ndi alamu a Rosie ndi ana? Kuno tadzuka, kungoti Dyna akutsokomola, ndipo bambo ake, a Lenard, akudandaula msana chifukwa cha dengu la tiyi ku esiteti. Mukapeza kansalu ka yunifolomu ya Dyna mutumize, yomwe ali nayo yafika poonetsa mawondo.

Koma chimene ndakhalira pansi si yunifolomu. Lolemba lapitali kunabwera anthu atatu a khonsolo atanyamula chitini cha penti yofiira. Analowa mu msitu wathu wa kumanda osaodira munthu, n'kuyamba kupaka mitengo ngati akusankha mbuzi pamsika. Akuti pamenepo pakhala msika watsopano ndi msewu wotulukira ku Chinakanaka, ndipo mitengo ikuluikulu aicheka matabwa. Ndinawafunsa kuti, "Nanga nchima zimene zimagona m'menemo mwazipezera malo kuti?" Mmodzi wa iwo, wamimba ngati mtsuko, anati, "Mayi, nchima ili ndi khadi la chipani?" Anzakewo anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Mukudziwa nokha zimene zili mu msitu umenewu, munakuliramo. Kasupe amene timatungako sauma ngakhale mu Okutobala chifukwa cha mthunzi wake. Njuchi zimene malemu atate ankafula zikadali m'phanga la mkuyu. Agologolo, nkhanga, achanga, zonsezi zinathawira kuno pamene tiyi anadzaza kuyambira kumsewu mpaka m'tsinde mwa phiri. Kwina kothawira kulibenso.

Amfumu akuti malowa ndi a mbumba yathu, choncho mawu ndi a mwinimbumba, ndiye inuyo. A Lenard atayesa kuyankhulapo anauzidwa kuti mkamwini asamakule mwendo. A khonsolo nawo akufuna mawu anu asanayambe, akuopa kuti anthu angati boma lagumula manda. Bwerani mudzakane, achimwene. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Zikakanika zonse, chonde mbawa yaikulu ya kukhwawa, kumunsi kwa manda, isagwe. Musandifunse chifukwa.

Ine mlongo wanu,
Alefa

*

Kwa Nakhuwa
6 Meyi 1978

Alamu anga a Rosie,

Moni wochokera kumudzi. Kalata iyi ndapatsira a Stella amene amabwera ndi nanazi ku Limbe, kuti ifike m'manja mwanu, osati mwa amuna anu. Mukawerenga muisunge komwe mumasunga mikanda.

Achimwene ndawalembera za msitu, za nchima ndi za kasupe. Zonsezo n'zoona ndipo zikundipweteka. Koma inu mukudziwa chenicheni. Mukukumbukira chaka chija munabwera kudzatithandiza kukolola, ine ndili ndi pakati pa mwana wopondana ndi Dyna. Mwana uja anabadwa osalira. Munalipo. Inuyo ndi amene munanyamula khasu, azakhali ananyamula kamtoloko, ine ndinatsala m'nyumba. Pobwerako munandinong'oneza kuti mwamugoneka pakati pa mizu ya mbawa ya kukhwawa, pomwe amayi a mudzi uno akhala akugoneka nthayo chiyambire kubwera kwa makolo athu kuchokera ku Milanje.

Pamenepo palibe mtanda, palibe mtumbira. Palibe mwamuna amene amadziwa, a Lenard omwe sanauzidwe malo ake. Maliro sitinalire, mwambo sulola. Chimene ndili nacho cha mwana ameneyo ndi mtengowo basi. Ndikamapita kokatunga ndimatula ndowa, ndimakhala pa muzu pang'ono. Nchima zikamadumpha m'mwamba ndimati mwana wanga ali ndi anzake osewera nawo. Lolemba ndinapeza mbawayo itapakidwa penti yofiira.

Alamu, sindingalembere mlongo wanga wamwamuna nkhani za m'chikuta. Ndayesa, dzanja likukana. Koma mkazi amatha kuuza mwamuna wake kuchipinda zimene mlongo sangatchule. Simukuyenera kuwauza zambiri. Mungoti pansi pa mbawa ija pali manda a amayi, iwo ndi munthu wamkulu, amva. Ndadalira inu chifukwa ndinu munakwirira dothilo ndi manja anu.

Wanu,
Alefa

*

Bangwe
20 Juni 1978

Mlongo wanga Alefa,

Ndathokoza pomva kuti muli moyo nonse. Ifenso tilipo. Kalata yako ndinailandira kale, koma pasitolo pa bwana panali powerenga katundu, munthu ndimaweruka dzuwa litalowa. Nsalu ya Dyna yabwera ndi a Stella, uisoketse yotayako kuti akule nayo.

Ndinaseka powerenga za nchima zako. Kodi iwe unakwatiwa ndi a Lenard kapena ndi apusi? Zinyama zomwezi ndi zimene zinkatithera chimanga tili ana, amayi n'kumatithamangitsa m'bandakucha kuti tikalondere. Lero zasanduka abale ako?

Tsopano undimvere. Pakamwa pako ndipadziwa, ndi pa agogo aakazi. Funso unafunsa anthu a khonsolo lija usadzalibwereze, ndipo zimene anakuyankha usadzazilembenso papepala. Makalata ali ndi maso panjira. Kuno kuli bambo wina anangonena pamowa kuti msewu wawononga munda wake, mpaka lero mkazi wake akudya yekha. Munthu wooneka ngati akutsutsa chitukuko amachoka osatsazika. Ine ndili ndi ana anayi, iwe uli ndi Dyna.

Komabe sindine chitsiru. Amayi ndi atate agona mu msitu umenewo, sindingalole thalakitala kuyenda pamitu pawo. Ndibwera kumapeto kwa mwezi wamawa, ndidzakumane ndi a khonsolo maso ndi maso. Zinthu ngati izi sizifuna kukuwa, zimafuna munthu wodziwa kuyankhula ndi mabwana. Usiye m'manja mwanga.

Upereke moni kwa alamu a Lenard. Ngati nthochi zapsa, unditumizireko phava limodzi.

Mlongo wako,
Jailosi

*

Bangwe
23 Juni 1978

Alamu,

Kalata yanu yandipeza. Ndinawerenga kuseri kwa bafa, misozi inandituluka. Ndikukumbukira zonse, ngakhale mvula yowaza ya tsiku lija.

Ndiwauza. Ndikungodikira tsiku limene abwere ali okondwa, chifukwa masiku ano akumalowa m'nyumba nkhope itakwinyika, mwini nyumba wakwezanso lendi. Nkhani yotere siyoponyera munthu wotopa. Mtima ukhale pansi.

Rosie

*

Kwa Nakhuwa
9 Ogasiti 1978

Achimwene,

Muli bwanji? Ife tayamba kupeza bwino. Chifuwa cha Dyna chinasanduka chibayo, ndinagona naye kuchipatala ku Mulanje Mishoni sabata yonse. N'chifukwa chake munandiphonya. Koma inunso, munthu kubwera kwanu ndi basi ya m'mawa n'kubwerera ndi ya masana, ngati mwabwera kudzapala moto? Kuchipatala sikunali kutali.

A Lenard andiuza kuti munazungulira msitu ndi anthu a khonsolo, kenako anakuonani pa Chitakale mukumwa nawo zoziziritsa kukhosi. Koma andiuzanso mawu amene munasiya pokwera basi, akuti munati, "Muuzeni Alefa kuti akufa athu onse sakhudzidwa." Achimwene, liwu loti onse limenelo landigonetsa tulo koyamba chiyambire Meyi. Ndadziwa kuti alamu anakuuzani, ndipo mwamva popanda kundichititsa manyazi. Mulungu akudalitseni. Muwathokozenso alamu.

Kwinako ndiye kwatha. Anayamba Lachiwiri ndi mbali ya kumtunda. Abwera ndi ocheka matabwa ochokera kutali, anthu oti sadziwa ngakhale dzina la mudzi uno. Mkuyu wa njuchi anaufukiza ndi matayala, uchi anadya okha, njuchi zili mbwee pansi. Mtengo wina unagwa ndi changa ali m'phanga, ana a sukulu anamupeza akuphethira maso padzuwa, osadziwa kolowera. Nchima zikulira usana wonse. Dzulo ina inatsikira m'munda wa tiyi ili ndi kamwana pamimba, agalu a mlonda anaimaliza. Ndinkaziona ngati mbava za chimanga inenso, musaganize kuti ndaiwala. Koma mbava imene waiwotchera nyumba umaimvera chisoni.

Zonse zotsala zathawira mu mbawa ya kukhwawa, moti nthambi zake zikuchita kulemera. Penti yofiira ija ikadalipo pa thunthu, koma ndikuti angoiwala kufufuta. Anthu a boma kupaka amafulumira, kufufuta ndiye mpaka wina alembe kalata.

Nthochi ndapatsira a Stella, mapava awiri.

Mlongo wanu,
Alefa

*

Kwa Nakhuwa
12 Sepitembala 1978

Alamu a Rosie,

Moni, koma ndilibe nthawi ya moni wautali. Lero m'mawa ndapeza akukumba dzenje lochekerapo matabwa pambali pa mbawa. Ndafunsa kapitawo wawo, akuti waya wotchinga manda adutsa pomwe pathera mitanda, kumunsi konse mwinimbumba anapereka.

Munawauza kapena simunawauze? Ndiyankheni ndi a Stella Lachisanu. Ngati mukuchita manyazi, apatseni kalata yanga ija awerenge okha, ine manyazi andithera. Abwere mawa lomwe, mtengo ukadali chiimire. Azakhali sakudya. Amayi ena asanu amene ana awo ali pamenepo akumabwera kwa ine madzulo aliwonse kudzafunsa ngati yankho lafika.

Alamu, ndakugwirani mwendo.

Alefa

*

Bangwe
15 Okutobala 1978

Mlongo wanga Alefa,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ndipo Dyna wabwerera kusukulu. Wakhala chete miyezi iwiri yathunthu, kapena ukadali wokwiya chifukwa cha apusi ako?

Ndikuuze mmene ndinayendetsera nkhani ija, kuti udziwe kuti mlongo wako sanagone. A khonsolo ankafuna msitu wonse, manda omwe ati tisamutse. Ndinawayendetsa mtumbira ndi mtumbira, kuwaonetsa pa amayi, pa atate, pa agogo, mpaka pa amalume a Alufeyo pomwe mtanda unadyedwa ndi chiswe. Sindinasiye ngakhale mmodzi. Ndinati apa pokha ayi, kwinako tengani. Anavomera, ndipo waya aika ndi ndalama zawo. Wamkulu wawo anandigwira chanza n'kunena kuti akanakhala kuti eni mbumba onse ndi omva chonchi, boma lino likanapita patsogolo.

Za mbawa unanena zija ndinayesa kutchulako. Anati mtengo umenewo ndi umene uli ndi matabwa enieni, ndiponso uli pakati pa msewu. Ndinayang'ana pansi pake, panalibe manda, panali mizu ndi masamba basi. Sindikanalimbana ndi boma chifukwa cha mthunzi. Walira mvula walira matope, mlongo wanga.

Nkhani yabwino ndi iyi. Atipatsa malo pamsika watsopano, kutsogolo kwenikweni, oti timangepo kagolosale. Alamu ako ndiye sakugona ndi chimwemwe, akuti chaka chamawa tichoke m'nyumba za lendi muno. Iwenso upezapo pogulitsira nanazi osayenda mtunda.

Ndipo poti mtengo uja unkaukonda, ndinapempha matabwa atatu a mbawa yomweyo. Ndauza a Robson, kalipentala wa pa Chitakale, akukhomere chitseko chabwino, cha loko, uchotse chabango chija. Ndalipira kale. Ameneyo ndiye mtengo wako, ukhala nawo pakhomo mpaka ukalamba. Uone mmene mlongo wako amakuganizira.

Tibwera tonse pa Khirisimasi.

Jailosi

*

Bangwe
18 Okutobala 1978

Alamu,

Moni. A Stella akumandiyang'ana ndi diso loipa pamsika, ndiye ndati ndilembe, mumve kwa ine.

Sindinawauze. Poyamba ndinkadikira nthawi yabwino. Kenako anabwera kuchokera kumudziko ali ndi nkhani ya malo a golosale, akuseka ngati mwana, ndipo ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa abwerera kukakangana ndi a khonsolo. Mukuwadziwa achimwene anu akapsa mtima. Akanataya malowo, mwinanso akanatengedwa. Ine ndikanatsala ndi ana anayi m'nyumba ya eni, ndikudya chiyani? Kalata yanu yachiwiri inafika, ndinaisonkhezera pamoto.

Musandione ngati mfiti. Ndinalira nanu tsiku lija ndipo ndinakumba ndi manja anga. Koma alamu, akuluakulu amati mwana amene sanalire ndi madzi, n'chifukwa chake salira maliro ake. Papita zaka. Anga ndi amoyo, amafuna phala m'mawa uliwonse. Inunso mukanakhala ine mukanasankha chomwecho.

Chonde musawauze achimwene anu kuti ndinkadziwa. Zapita zapita, tisapasule banja chifukwa cha mtengo. Pa Khirisimasi ndikubweretserani chitenje.

Rosie

*

Kwa Nakhuwa
3 Novembala 1978

A Jailosi,

Moni ndapereka chifukwa amayi anatiphunzitsa kutero. Za moyo wathu musafunse, tilipo.

Lero ndilemba zimene mlongo salembera mlongo wake wamwamuna. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ine ndafera komweko, ndiye palibenso chobisa. Pansi pa mbawa ija panali mwana wanga. Anabadwa wakufa, wopondana ndi Dyna. Panalinso wa azakhali, awiri a akazi a amfumu, ndi ena ambiri oti amayi awo anapita kale. Pamenepo ndi pomwe amayi a mudzi uno amagoneka nthayo. Mwina panalinso m'bale wathu, chifukwa azakhali akuti amayi anataya mmodzi inu musanabadwe. Inu munayang'ana pansi n'kuona mizu ndi masamba. Eya, ndi mmene pamayenera kuonekera kwa mwamuna.

Mbawayo inagwa pa 19 Sepitembala. Tinaima patali amayi asanu ndi awiri, ndowa zili pamutu, ngati tikudikira kutunga. Amuna anali ponseponse, ocheka, a khonsolo, achinyamata a chipani, a Lenard omwe anali pomwepo akuonerera. Tikanakuwa kuti chiyani? Nchima zinakakamira m'nthambi mpaka mtengo utayamba kupendekeka. Utagwa, nthaka inagwedezeka mpaka kunyumba, ndipo anthu anaomba m'manja.

Patapita masiku anabwera ndi thalakitala kudzazula chitsa. Nthayo sakumba mozama, a Jailosi. M'mawa mwake tinapita ndi malichero, tinatola zimene tinatha kutola m'dothi lofiira lija, tinakakwirira pamodzi kuseri kwa waya wanu. Wanga sindikudziwa kuti ndi uti. Azakhali chibwerere kumeneko sakuyankhula.

Kasupe tsopano ndi matope, tikukatunga kumpopi wa ku esiteti komwe mlonda amatitukwana. Nchima sindinaionenso ngakhale imodzi. M'mawa kumacha zii, ngati mudzi wa eni.

Mudzati bwanji sindinakuuzeni. Ndinauza akazi anu, monga mwambo umanenera, tsiku lomwe ndinalembera inu. Anandilonjeza. Kalata yawo yomaliza ndaiika mu envelopu yomweyi, muwerenge nokha mmene anandigulitsira ndi malo a golosale. Andipempha kuti ndibise. Ndabisa zambiri m'moyo uno, izi ayi.

Koma musathamangire kuwamenya n'kudziyesa oyera. Ndinakulemberani kuti musandifunse chifukwa, ndinakulemberaninso kuti isagwe. Inu munamva mbali imodzi yokha, yomwe inali yopepuka. Munazungulira msitu wonse ndi alendo, osaima pakhomo pa azakhali kufunsa mayi mmodzi yekha kuti kodi kumunsiku kuli chiyani. Mwinimbumba amasunga mbumba. Inu munasunga mitanda, chifukwa mitanda ndi imene mabwana amaona. A khonsolo sindiwadandaula kwambiri, ndi alendo, anabwera ndi penti yawo. Amene mwandipweteka ndi inu awiri, amene ndinkati ndi anga.

Chitenje cha alamu asabweretse. Pamsika wanupo sindidzagulitsapo nanazi ngakhale imodzi, ndiziyenda mtunda womwe ndimayenda.

A Robson anabweretsa chitseko Loweruka, atachimanga panjinga. Anachipala bwino, n'chofiira, chikununkhirabe utomoni. A Lenard anasangalala, akuti m'mudzi muno mulibe china chotere. Ine ndinafuna kuchiwaza nkhuni. Ndinatenga nkhwangwa, koma ndinaibwezanso pansi, chifukwa ndi chokhacho chatsala mwa zonse zimene zinkafunditsa mwana wanga. Ndiye ndawauza a Robson achikhome.

Achikhoma. Chimatseka bwino, loko wake ndi wolimba, kiyi ndamumanga pa mkanda wa m'chiuno. Pa Khirisimasi mukabwera, mudzachione kunja kwake.

Alefa